Thabwa la Titanic: mlandu wa Jack ndi Rose umene wakana kutha

M'mwezi wa Marichi 2024, pa okushoni ya kampani ya Heritage Auctions ku America, munthu wina anatulutsa madola 718,750 kugula thabwa. Linali la mtengo wopepuka wa balsa, losema maluwa cha kumutu, m'mphepete mothyokathyoka. Ndi thabwa limene Kate Winslet, wosewera ngati Rose, anagonapo kumapeto kwa filimu ya Titanic ya 1997, Leonardo DiCaprio, wosewera ngati Jack, ali m'madzi atagwira m'mphepete mwake mpaka kuuma ndi chisanu. Mtengo wake unakwera choncho chifukwa cha funso limodzi limene anthu akhala akukokana nalo kuyambira chaka chimene filimuyi inatuluka: kodi pathabwapo panalibe malo a anthu awiri?

Ine ndinaionera koyamba m'kanyumba ka vidiyo, mabenchi ali thothotho, zenera litatchingidwa ndi chiguduli kuti osalipira asasuzumire. Filimuyi ndi yaitali, maola atatu ndi mphindi 14, koma panalibe wotuluka. Itafika pathabwapo, bambo wina kumbuyo anakuwa: "Sendera, mayi iwe! Mnzako akufa!" Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Potuluka panja mlandu unali utayamba kale. Amuna ambiri ankati Rose ndi wodzikonda. Amayi ankati Jack anasankha yekha. Sindinkadziwa kuti mlandu womwewo ukuzengedwa ku Lagos, ku London ndi ku Tokyo.

Kwa amene anaiwala, nkhani ili motere. Rose DeWitt Bukater, mtsikana wa zaka 17 wa m'banja lotchuka koma lomira m'ngongole, akupita ku New York ndi mayi ake komanso bwenzi lake lolemera, Cal Hockley. Jack Dawson ndi mnyamata wojambula zithunzi, wopanda ndi khobidi lomwe, amene wapeza tikiti yake pa njuga ku Southampton. Awiriwa akondana m'masiku ochepa, sitima yagunda chimulu cha madzi oundana, yamira, ndipo awiriwa apezeka m'nyanja ndi thabwa limodzi. Jack amukweza Rose, nayenso ayesa kukwera, thabwa lipendekeka n'kuwagwetsa. Sayesanso. Anthu awiriwa ndi opeka, anawalenga ndi James Cameron amene analemba ndi kutsogolera filimuyi. Sitimayo, ngoziyo ndi anthu pafupifupi 1,500 amene anafa usiku wa pa 14 kuchera pa 15 Epulo 1912 ndi zenizeni.

Chimene chimatalikitsa mkanganowu n'chakuti anthu amaganiza kuti akukangana pa funso limodzi pomwe mafunsowo ndi angapo, ndipo aliyense akuyankha lake. Wina akunena za kukula kwa thabwa. Wina akunena za mtima wa Jack. Wina akunena za cholinga cha Cameron. Aliyense pa funso lake akhoza kukhala wolondola, n'chifukwa chake palibe amene amagonja.

Tiyambe ndi thabwalo. Anthu amalitchula chitseko, koma si chitseko. Analisema potengera chidutswa chenicheni cha mtengo wa oak, chokongoletsa cha pamwamba pa khomo la chipinda cha anthu olemera, chimene chinatoledwa chikuyandama ngozi itachitika ndipo chikusungidwa ku Maritime Museum of the Atlantic mumzinda wa Halifax ku Canada. Kunena za malo, malo analipo. Anthu ajambula mizere pansi kukula ngati thabwalo, n'kugonapo awiriawiri, ena kukhalapo n'kumasewera makhadi, kujambulitsa n'kuponya pa intaneti. Winslet mwiniwake anavomera pa kanema mu 2016 kuti akuona ngati Jack akanakwanapo.

Koma aliyense amene anakwerapo bwato la mtengo ku Nkhotakota kapena ku Lake Chilwa akudziwa kuti malo ndi nkhani ina, kunyamula ndi nkhani ina. Bwato likhoza kukhala ndi mpata wa anthu asanu koma mwini wake n'kukana wachinayi, chifukwa akuona m'mene mlomo wa bwato wayandikirira madzi. Chinthu chimayandama pamene kulemera kwake, pamodzi ndi katundu wake, sikukuposa kulemera kwa madzi amene chikukankha. Muwonjezere munthu wachiwiri pathabwa, thabwalo lilowa pansi pang'ono, onse awiri akhala m'madzi ofika m'chiuno kapena pachifuwa.

Apa ndiye pamene ife a kuno timasochera, chifukwa madzi a m'nyanja yathu ndi ofunda. Msodzi bwato likamugubuduka, mdani wake ndi kutopa ndi mafunde. Usiku umene Titanic inamira, madzi anali pa madigiri 2 kunsi kwa ziro. Madzi amchere amatha kuzizira choncho osaundana. Munthu akagwera m'madzi otero, mpweya umabanika nthawi yomweyo, pakangopita mphindi zochepa zala zimakana kugwira, kenako manja ndi miyendo. Ambiri mwa amene anafa usikuwo anali atavala majekete oyandamitsa. Sanamire, anaphedwa ndi kuzizira, ndipo pasanathe ola limodzi kulira konse kunali kutazima. Choncho funso lenileni la thabwa ndi lakuti: kodi likanatha kusunga zifuwa za anthu awiri kunja kwa madzi kufikira boti litabwera?

Mu 2012 pulogalamu ya pa kanema ya MythBusters inayesa zimenezi. Adam Savage ndi Jamie Hyneman anapanga thabwa lofanana nalo, n'kukwerapo onse awiri. Linamira mofika poti sakanapulumuka. Kenako anavula jekete yoyandamitsa, ngati imene Rose anavala, n'kuimangirira kunsi kwa thabwalo. Linakwera mokwanira, ndipo iwo anagamula kuti Jack anafa imfa yosafunika. Cameron anali nawo pa pulogalamuyo. Yankho lake linali lakuti mwina analakwitsa, thabwalo likanayenera kuchepako, koma sewero linalembedwa kuti Jack afe ndiye anayenera kufa basi. Pambuyo pake anadzanenanso kuti imfa ya Jack ili pa tsamba 147 la sewerolo, ndipo anaseka maganizo oti munthu angamire pansi pa thabwa m'madzi ozizira choncho, usiku, n'kumanga mfundo ndi zala zouma.

Mukanaganiza kuti zathera pomwepo. Ayi. Mu 2023, pokumbukira zaka 25 za filimuyi, Cameron yemweyo anakonza kafukufuku wake amene anaonetsedwa pa National Geographic. Anatenga mwamuna ndi mkazi a misinkhu yofanana ndi DiCaprio ndi Winslet pa nthawi imene ankajambula, anawaika zipangizo zoyezera kutentha kwa thupi, n'kuwalowetsa m'dziwe la madzi ozizira ku New Zealand, katswiri wa za kuzizira kwa thupi akuyang'anira. Anayesa makhalidwe angapo. Atagona onse awiri, thabwa linamira. Atapeza kakhalidwe koti miyendo yokha ikhale m'madzi, zifuwa zili kunja, mwamunayo anapirira nthawi yaitali. Atawatopetsa kaye ngati m'mene Jack ndi Rose anatopera, mkaziyo n'kumuveka mnzakeyo jekete yake, thupi la mwamunayo linasiya kutsika kutentha mofulumira. Cameron anavomera, monyinyirika ndithu, kuti Jack akanatha kupulumuka, koma anati zinthu zoti ziyende bwino zinali zambiri.

Ndiye okonda Jack anapambana? Pa sayansi, pang'ono. Koma onani chimene chinachitika m'dziwe muja. Anthu awiri aja anali ndi magetsi, dokotala pafupi, ndi mwayi woyesa kanayi. Jack anali ndi mwayi umodzi, mumdima, atathamanga m'makonde odzaza madzi, atamangidwapo unyolo, atamenyana ndi munthu amene ankafuna kumumiza Rose. Anayesa kukwera, anaona thabwa likumugwetsa mtsikanayo. Kamera imaima pankhope pake kamphindi, iye n'kugwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wamaliza kuwerengera. Pamenepo funso lachoka pa thabwa lafika pa munthu: mnyamata ameneyu, ndi zimene akudziwa pa mphindi imeneyo, angayesenso kachiwiri n'kuika moyo wa Rose pachiswe? Filimu yonse yatisonyeza kuti ayi. Ndi yemwe uja anamukoka Rose kumbuyo kwa sitima tsiku limene anakumana koyamba, pamene mtsikanayo ankafuna kudziponya m'nyanja, atamuchenjeza za ululu wa madzi ozizira amene iye anagweramo ali mwana ku Wisconsin. Amadziwa chimene madziwo amachita.

Owonera ali ndi chizolowezi choweruza munthu wa m'filimu ndi nzeru za munthu amene wakhala pampando, wakhuta, waionera kasanu. Munthu wa m'filimu akachita chopusa, sikuti nkhani yaboola ayi. Anthu amachita zopusa tsiku lililonse, makamaka akagwidwa ndi mantha kapena chikondi. Nkhani imaboola pamene yaphwanya lamulo limene inadziikira yokha, kapena pamene munthu wachita chosemphana ndi khalidwe lake popanda chifukwa, kungoti wolemba afike kumene akufuna. Tonse tinakulira nthano. Agogo akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," palibe mwana amene ankafunsa kuti Kalulu waphunzira kuti kuyankhula. Koma agogo akanati Kalulu wapusitsidwa ndi Fisi mosavuta, bwalo lonse likanakana, chifukwa ameneyo si Kalulu amene timamudziwa.

Ngati pali mlandu weniweni wa Rose, suli pathabwa. Uli m'mbuyo pang'ono, pamene anali atakwera kale boti lopulumukira, likutsitsidwa, iye n'kudumpha kubwerera m'sitima chifukwa sakanatha kumusiya Jack. Otsutsa amati akanakhala phee m'botimo, Jack akanapeza thabwa lija ali yekha, onse awiri akanakumana pa Carpathia, sitima imene inadzatola opulumuka m'mawa. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu kuposa ya thabwa, ndipo ine ndimaivomera theka. Theka linalo ndi ili: Rose sankadziwa kuti kutsogolo kuli thabwa. Chimene ankadziwa n'chakuti moyo wake wonse wakhala akukwezedwa ndi kutsitsidwa ndi anthu ena, ndipo ngakhale m'boti limenelo amene anamunyengerera kukwera anali Cal, ndi bodza loti wakonza njira yoti iye ndi Jack apulumukire. Kudumphako kunali kupusa, komanso kunali koyamba kuti asankhe yekha anthu onse akuona.

Mayi ake, Ruth, ndi munthu amene owonera amamuda ali achinyamata n'kuyamba kumumvetsa akakula. Pali kachigawo kamene akumumanga Rose chovala chothina m'chiuno, akukoka zingwe mwaukali, uku akumukumbutsa kuti bambo ake anawasiyira dzina labwino ndi ngongole zokhazokha. Akuopa kukasoka zovala kuti adye. Mu 1912 mkazi wamasiye wa gulu lake analibe njira zambiri, ndipo ukwati wa mwana wake unali munda wake wokhawo. Izi sizimuyeretsa, pakuti ndi mayi yemweyo amene akufunsa ngati m'maboti akhala motsata magulu a matikiti pomwe anthu akufa. Koma Rose atafika ku New York anadzitcha Rose Dawson, n'kulola mayi ake kukhulupirira kuti anamira. Kwathu kuno timati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo ndamvapo amayi achikulire akunena kuti tchimo lalikulu la Rose ndi limeneli, za thabwa n'zachibwana.

Za Cal sindichedwapo. Alipo amene amamuikira kumbuyo kuti anali mwamuna wobedwa mkazi pamaso pake ndi mnyamata wa masiku awiri. Zoona, zinamupweteka. Koma anamumenya Rose mbama, anauza wantchito wake kuti aike mkanda wa dayamondi m'thumba la Jack kuti amunamizire kuba, anawathamangitsa ndi mfuti, ndipo anatola mwana wa eni wolira kuti apeze malo m'boti. Filimu sinasiye mpata woti tikangane.

Funso lina n'lakuti, bwanji Titanic imafufuzidwa chonchi pomwe mafilimu ena amanama poyera anthu osadandaula? Wina amadumpha kuchokera pa ndege n'kutera pa galimoto, tonse timangowomba m'manja. Cameron anadziitanira yekha. Anamira kangapo kukaona mabwinja a sitimayo pansi pa nyanja, amene anapezeka mu 1985. Anamanga chifanizo cha sitima chotsala pang'ono kufanana kukula ndi yeniyeniyo, anatengera mbale, makapeti ndi masitepe, ndipo filimu inadya madola 200 miliyoni. Munthu ukalonjeza zoona mpaka pa supuni, anthu adzakuwerengera masupuni. Katswiri wa zakuthambo Neil deGrasse Tyson anadandaula kuti nyenyezi zimene Rose akuyang'ana ali pathabwa sizinali zimene zinkaoneka pamalopo usiku umenewo. Cameron anazisintha pamene filimuyi inatulukanso mu 2012.

Zolakwika zina zinabala nthano zawozawo. Jack amatchula nyanja ya Wissota kuti ndi kumene ankawedza ali mwana, pomwe nyanjayo inapangidwa ndi damu mu 1917, patatha zaka zisanu Titanic itamira. Kuchokera pamenepo ena anapeka kuti Jack ndi munthu wochokera m'tsogolo, wotumidwa kudzaletsa Rose kudzipha. N'zoseketsa, ndipo ambiri amene amazinena akudziwa kuti akusewera. Yankho losavuta n'lakuti wolemba anaphonya. Palinso yankho lachitatu limene ndimalikonda: nkhani yonseyi tikuimva kuchokera pakamwa pa Rose yemweyo ali gogo wa zaka pafupifupi 101, akukumbukira za zaka 84 zapitazo. Gogo akasokoneza dzina la nyanja, kapena akamukumbukira bwenzi lake lakale ngati mngelo wopanda banga, ndani angadabwe? Ndipo ngati Jack wopanda tchimoyo ndi Jack wa m'mutu mwa Rose, ndiye kuti ngakhale kukula kwa thabwalo tikukuona ndi maso a munthu amene wakhala akuligonera m'maloto moyo wake wonse.

Gogo yemweyo ndi amene amakwiyitsa anthu kumapeto, poponya mkanda wa dayamondi m'nyanja. Mdzukulu wake ali pompo, amene wakhala akumusamalira, bwanji osamusiyira? Oikira kumbuyo Rose amati mkandawo unali wa Cal, ndipo kuugulitsa kukanakhala kudya ndalama za Cal, chinthu chimene anakana kwa zaka zonsezo. Cameron anajambulanso mathero ena amene Brock Lovett, munthu wa m'filimu wosaka mkandawo m'mabwinja a sitima, akumupeza gogoyo asanaponye, n'kuloledwa kuugwira mkandawo kamphindi. Anawataya, ndipo amene anawaona pa DVD ambiri amavomereza kuti anachita bwino. Kenako pali chithunzi chomaliza: Rose ali pabedi, kamera ilowa m'sitima yowala, Jack akumudikira pa masitepe. Wamwalira kapena akulota? Cameron anasiya dala osayankha. Koma anthu apabanja ali ndi funso lawo lowawa: mayiyu anakwatiwa, anabereka ana, anakhala ndi mwamuna wake zaka zambiri, ndiye kumwamba kwake n'kwa chibwenzi cha masiku ochepa? Bambo wa anawo ali kuti? Funso limeneli ndilibe nalo yankho lomuteteza Rose.

Kubwerera ku thabwa, ndikuona kuti limatigwira mtima chifukwa ndi kachithunzi kakang'ono ka mlandu weniweni wa Titanic. Sitimayo inanyamula anthu oposa 2,200 koma inali ndi maboti 20 okha, okwana anthu 1,178. Ngakhale malo ochepawo sanadzaze: opulumuka anali cha m'ma 700. Boti nambala 1, lokwana anthu 40, linachoka ndi anthu 12. M'botimo munali Sir Cosmo Duff-Gordon, amene analonjeza amalinyero a m'botilo mapaundi asanu aliyense. Iye anati inali mphatso yowathandiza kugula katundu amene anataya. Ena anati chinali chiphuphu choti asabwerere kukatola anthu m'madzi. Bwalo lofufuza la ku Britain linamuyeretsa pa za chiphuphu, koma dzina lake silinachire. Bruce Ismay, mkulu wa kampani ya White Star Line imene inali mwini sitimayo, anapulumuka m'boti, ndipo nyuzipepala zinamutcha wamantha mpaka imfa yake. Kufunsa kuti "malo analipo, bwanji sanamutenge mnzake?" kunayamba mu 1912, kukufunsidwa kwa anthu amoyo. Filimu inangotenga funsolo, lolemera mosanyamulika likakhala la anthu 1,500, n'kuliika pa anthu awiri amene tawadziwa mayina.

Pali malo amodzi pamene kupeka zolinga za munthu kunapweteka anthu enieni. William Murdoch anali wachiwiri kwa wachiwiri wa kaputeni, ndipo ndiye anali pa ntchito pamene sitima inagunda. M'filimu akuoneka akulandira ndalama kwa Cal, ngakhale pambuyo pake akumuponyera nazo, kenako akuwombera anthu awiri n'kudziwombera yekha. Mboni zina za mu 1912 zinanenadi kuti zinaona mkulu wina wa sitima akudziwombera, koma palibe umboni wotsimikiza kuti anali Murdoch, ndipo za chiphuphuzo n'zopeka. Kwawo ku Dalbeattie, ku Scotland, amamukumbukira ngati munthu amene anatsitsa maboti ambiri n'kufera pa ntchito. Abale ake ndi anthu a m'tauniyo anakwiya. Mu 1998 Scott Neeson, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya 20th Century Fox, anapita komweko kukapepesa, n'kupereka mapaundi 5,000 ku thumba la chikumbutso cha Murdoch pa sukulu ya sekondale ya m'tauniyo. Chigawocho sichinachotsedwe m'filimu. Cameron anadzavomera patapita zaka kuti sanayenere kuika zimenezo pa munthu weniweni amene ali ndi abale.

Ku Halifax komwe kuli chidutswa chenicheni cha thabwa chija, kulinso manda a Fairview Lawn kumene kunaikidwa mitembo yoposa 100 ya anthu a mu Titanic. Mwala wina walembedwa J. Dawson. Filimu itatuluka, anthu anayamba kusiyapo maluwa, matikiti a kanema ndi makalata achikondi. Amene wagona pamenepo ndi Joseph Dawson wa ku Dublin, mnyamata amene ntchito yake inali kukankha malasha pa wilibala kupititsa kwa osonkhezera moto, pansi penipeni pa sitima.